Jekete la a Thengeza

Kalekale, malole a thonje akadayenda mwa apo ndi apo m'misewu ya ku Chikwawa, kunali bungwe la azibambo lotchedwa Abale a Nyale. Analiyambitsa ndi amuna amene anabwerako ku migodi ya ku Joni. Linali bungwe labwino, zimenezo sindingakane. Mbale akadwala ankamulimira, denga likasasuka ankamufolerera, akamwalira ankamunyamula okha n'kumasamala mkazi wake. Mtsogoleri wawo ankasunga nyale yakale ya mumgodi, ndipo chimene wanena wosunga nyale ndicho chinali lamulo.

Lamulo lalikulu linali la zovala: jekete lakuda laubweya, tayi ndi nsapato zotseka. Ku Joni kumazizira, ndiye majeketewo anali ndi ntchito yake. Nanga ku Chikwawa, abale anga, kumene ngakhale mbuzi imasiya msipu n'kukabisala pansi pa nkhokwe? Komabe lamulo linali lamulo. Pa tsiku la ndawala, pamene abale ankayenda pamzere kukaona akazi amasiye, munthu akangomasula batani asanabwerere ku nyumba ya bungwe, ankamulanda baji, n'kusanduka munthu wamba. Anyamata ataona zimenezi anasiya kulowa bungwelo, moti m'nyumbamo munkangochuluka imvi.

Nyale inali m'manja mwa a Thengeza, nkhalamba yansangala yokonda kuimba. Jekete lawo linali lomwe lija anabwera nalo ku Joni. Vuto lake, chibwerereni thupi linawonjezeka koma jekete linakana kukula.

Tsono pali amuna atatu oti muwadziwe. A Lapukeni anali mlonda wa pakhomo la bungwe, woyendera mabatani a anzake, ndipo anthu ankati amagona ndi tayi. A Zuze anali telala. Msonkhano uliwonse ankapempha kuti awasokere abale malaya opepuka, msonkhano uliwonse ankawakhazika pansi. A Bizeki, mlimi wa mpunga, sanali mbale n'komwe. Ankafunitsitsa kulowa, koma jekete ankalikana, amvekere thupi lawo si mbatata yoti aziiwotcha. Ngakhale anali kunja, manda ankakumba nawo, madenga ankafolera nawo, ndipo pa ndawala ndiwo ankasenza thumba la chimanga cha amasiye ali mkabudula kumbuyo kwa mzere, poti eni majekete sakanalola kudetsa mapewa.

Chaka china ndawala inagwa pakati pa Okutobala. M'mawa a Lapukeni anaona kuti batani lina la a Thengeza silinatsekedwe. Anawapempha mwaulemu kuti abweze mimba, n'kulitseka okha, n'kuwakokeranso tayi pakhosi. Mzere unanyamuka a Thengeza ali patsogolo, nyale m'manja, nyimbo pakamwa.

Dzuwa lili paliwombo anafika pamene msewu umadutsa m'mbali mwa dambo. Nyimbo inangozima, a Thengeza n'kugwa pansi ngati thumba.

Apa ndichite manyazi m'malo mwawo. Abale anazungulira mkulu wawo n'kuyamba kukambirana. Wina anafunsa ngati lamulo limalola kumasula munthu wokomoka. Wina anati funso lenileni ndi loti baji alandidwe ndani, womasulidwa kapena womasula. Ena ankangomukupiza ndi zipewa, maso ali pa a Lapukeni. Uku munthu akubanika.

A Zuze anakankha anzawo n'kugwada. Anayesa mabatani, koma anali atathina moti chala sichinkalowa. Pamenepo anasolola sizasi imene ankayenda nayo m'thumba yodulira ulusi.

"Mbale, limenelo ndi jekete la ku Joni," anatero a Lapukeni.

"Ku Joni majekete akadalipo ambiri, koma a Thengeza ndi omwewa," anayankha a Zuze.

Analidula kumsana kuchokera pansi mpaka pakhosi, tayi nayenso n'kumudula. Anavulanso jekete lawo lomwe n'kuwatsamiritsa. Mkulu uja anayamba kupuma, koma thupi linali moto.

Pankafunika madzi. Madzi analipo ndithu, akuoneka pakati pa dambo, koma kuti munthu awafike anayenera kudutsa matope ofika m'ntchafu. Abale anayang'ana madzi, anayang'ana nsapato zawo zopolisha, n'kuyang'ananso madzi. A Bizeki anatula thumba lija, natola zidutswa ziwiri za jekete, n'kulowa m'matope osafunsa munthu. Ubweya umamwa madzi, ndiye zidutswazo zinabwera zolemera. Anafinyira mkuluyo kumutu ndi pachifuwa, nabwereranso kangapo kukatenga madzi ena. A Thengeza anatsegula diso limodzi n'kufunsa kuti waimitsa nyimbo ndani, kenako analefukanso.

Chipatala chinali kutali, koti pa wapansi akanafika ndi maliro. Itatulukira lole, a Zuze anathamangira pamsewu akukupiza manja, kuiwala kuti sizasi ikadali m'manja. Dalaivala ataona munthu wa chitsulo chonyezimira anangowonjezera moto. Itabwera ina anapita a Bizeki, matope thupi lonse, ndipo dalaivala wake anawazemba ngati wamisala. Fumbi la lole ina litaoneka patali, a Lapukeni anasasa mapewa, anakonza tayi, n'kukaima pakati penipeni pa msewu. Sanakuwe. Anangokweza dzanja limodzi. Lole inaima ndi mkokomo, dalaivala n'kutsika chipewa chili m'manja, poganiza kuti wakumana ndi bwana wa boma.

"Pepani bwana, mapepala onse ndili nawo."

"Mapepalawo sunga. Tinyamulire mkuluyu."

Kuchipatala dokotala ananena mosabisa kuti jekete likanapanda kuchoka akanafera pamsewu pomwepo, akanapanda kuthiridwa madzi sakanapirira ulendo, ndipo akanachedwa kufika dzuwa silikanawalowera. Abale onse anasangalala kwambiri, ena mpaka misozi, chifukwa a Thengeza ankakondedwa.

Atachira anaitanitsa msonkhano. Analowa atavala malaya a manja aafupi, ndipo ambiri kanali koyamba kuona zigongono zawo. Analamula kuti a Bizeki nawonso alowe. A Lapukeni anatsegula chitseko monyinyirika.

"Abale anga, ine ndakula, jekete landiuza lokha," anatero a Thengeza akuseka. "Nyaleyi ndipereka kwa amene anandipulumutsa, ndipo iyeyo ndiye atiuze zovala pa ndawala ikubwerayi. Kungoti ine ndinali chikomokere, sindinaone kanthu. Ndiuzeni inu."

A Zuze anati akanapanda kudula jekete, enawo akanathira madzi mtembo ndi kukweza mtembo. Anawonjeza kuti akalandira nyale asokera aliyense malaya opepuka ofanana, baji pachifuwa, kuti abale azidziwikabe koma azipuma. Pomwepo wina anawakumbutsa kuti pa lamulo la bungwe iwo baji analandidwa kale, poti anavula pa ndawala, kuwonjezera apo anang'amba jekete lomaliza la oyambitsa bungwe.

A Bizeki anati iwo sadziwa kulankhula pagulu, koma akudziwa kuti madzi sanabwere okha. Anati ubale uli m'manja ogwira ntchito, choncho aliyense azibwera ndi chimene wavala, bola chochapa, ndipo anyamata abwerera okha. Apanso wina anadzuka n'kufunsa kuti munthu woti sanalumbirepo, amene lero lomwe ndi koyamba kuponda m'nyumbamo, angasunge bwanji nyale. Ndipo aliyense akamavala zake, wapanjira adzadziwa bwanji kuti awa ndi Abale a Nyale osati anthu opita kumsika?

A Lapukeni anaimirira mabatani onse ali otseka. Anati anzawo awiriwa anayesa kuimitsa lole, aliyense anaona zimene zinachitika. Chimene chinaimitsa lole ndi jekete limene akulinyozali, ndipo iwo okha ndiwo anapulumutsa munthu osaphwanya lamulo. Jekete likhale. Kumbuyo kunamveka kamawu kofunsa kuti kodi batani lija anatseka ndani m'mawa muja, nanga amene ankaletsa sizasi anali yani. A Lapukeni anangokonza tayi.

Anakangana mpaka thukuta linanyowetsa majekete onse. A Thengeza okha ndiwo anakhala mwamtendere m'malaya awo opepuka, nyale ili pamiyendo, akumwetulira uku ndi uku. Koma Okutobala wina akubwera, dzuwa lake ndi lomwe lija, amasiye akudikira chimanga, ndipo mzere sunganyamuke popanda wonyamula nyale.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tandiuzani. A Thengeza apereke nyale kwa yani: a Zuze amene anaphwanya lamulo kuti munthu apume, a Bizeki amene lamulo linawasiya panja koma ndiwo analowa m'matope, kapena a Lapukeni amene jekete lawo linaimitsa lole, chonsecho ndiwo anatseka batani lija?