Mpira Umene Wandy Anauphonya Dala

M'khitchini mwa mayi Yuderka Paulino, ku San Pedro de Macorís, nthochi zinkabwata pamoto popanda wozilabadira. Maso anali pa kanema. Mayiwa, amene ankaphunzitsa achinyamata zisudzo ku parishi, anali atangomaliza filimu yawo yoyamba, nthabwala ya chikondi cha ana asukulu pa bwalo la besibo, mpira womenya ndi chibonga uja umene m'tauniyi amaulemekeza ngati Misa ya Pasaka. Mnyamata wa m'filimuyo anali mwana wawo Wandy, yemwe ankaseweradi m'timu ya m'dera lawo.

Woyamba kuionera anali bambo Milcíades, olemba za mafilimu m'nyuzipepala ya ku likulu. Iwowa ndiwo ananyamula Wandy pa ubatizo, choncho ndi mayiwa ankaitanana kuti kompadre ndi komadre.

Bamboyo anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma kumapeto nkhope inagwa. M'filimumo Wandy ndiye womenya wotsiriza, ndipo woponya mpira ndi mchimwene wa mtsikana amene iye akumufuna. Wandy akuyang'ana mtsikanayo, akumutsinzinira diso, n'kuphonya dala. Timu yake yagonja, iye wapata chibwenzi.

"Komadre, filimuyi ikadali m'manja mwanu," anatero a Milcíades. "Jambulaninso mapeto. Aphonye atayesetsa, mtsikanayo amukonde ali wogonja."

"Inu kompadre, simunawerenge kuti chikondi sichitsata za mwini yekha? Imeneyo ndi nsembe."

"Nsembe ya nkhosa ya eni. Chipambano chija chinali cha anzake onse. Kuno wakuba nzimbe timamukhululukira, koma wogulitsa mpira ayi. Ndipo anthu sadzasiyanitsa mnyamata wa pa kanema ndi Wandy wanga. Mukumupachika dzina loipa m'khosi."

"Wandy wanu? Munam'bereka ndinu? Ndiye mukalemba zimenezo m'nyuzi mwanumo?"

"Ndikadzalemba, ndidzalemba zoona."

"Chitseko ndi icho."

A Milcíades anatuluka khofi asanamwe. Mayi Yuderka anaumitsa mtima ngati Farao. Anaitana amayi a kwaya, ndipo iwo anaomba m'manja, amvekere, "Mwadzozedwa, mlongo!" Anaitananso Eladio wa pa wailesi, amene anatamanda filimuyo mkamwa muli nyama ya nkhumba. Wandy yekha anayesa kunong'ona kuti, "Amayi, anzanga aziti chiyani?" Anamuyankha kuti ndi sewero chabe, asadandaule.

Tsiku loionetsa koyamba holo inadzaza. Dzina la a Milcíades linali litachotsedwa pa oitanidwa. Anthu anaseka, anakuwa, atsikana anabisa nkhope m'manja pamene Wandy ankachita chibwibwi pofunsira. Mayi Yuderka ankayamika Mulungu chamumtima. Kenaka linafika diso lotsinzinira lija. M'holo munangoti zii, ngati mwalowa maliro. Mdala wina kumbuyo anaimirira.

"Wagulitsa! Mwana ameneyu wagulitsa anzake!"

Makapu a pepala anayamba kuulukira pa kanema.

Olemba a ku likulu sanasiye fupa. Wina anati filimuyo ndi Yudasi wovala kapusi ya mpira. Wina anafunsa ngati woilemba anapondapo pa bwalo chibadwire. Wina ananena za Wandy yemwe, kuti nkhope yake ikuonetsa kuti zachinyengozo sanachite kuphunzira. Eladio uja, amene anadya nkhumba, anawerenga zonsezi pa wailesi akuseka chikhakhali. A Milcíades nawonso analemba: anati nthabwala zake n'zokoma, mnyamatayo ali ndi luso, koma mapeto ndi olakwika, ndipo cholakwacho n'cha wolemba, osati cha mwana. Mayi Yuderka anangomva mawu akuti "cholakwa", nyuziyo n'kukolezera moto.

Loweruka timu ya Wandy inali ndi masewero enieni. Mayi ake anakhala pa benchi ya oonerera, korona ali m'manja. Wandy anaimirira ndi chibonga. Mpira woyamba anaphonya. Wachiwiri anaphonyanso, thukuta lili kamukamu. Aliyense wodziwa mpira akanaona kuti mwanayo akumenya ndi mtima wonse. Wachitatu unadutsa ngati mphezi, mwayi wake n'kuthera pomwepo.

"Lero ndi mlongo wa ndani, Wandy?" anakuwa wa njinga yamoto wina.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Koma chimene chinawalasa mayi Yuderka si chimenecho. Wandy atabwerera kwa anzake, iwo anasunthira kumapeto kwa benchi, n'kumusiya yekha ngati wakhate. Mphunzitsi wa timu sanamuyang'ane n'komwe.

Kunyumba mnyamatayo anaika chibonga chake patebulo, pamaso pa mayi ake.

"Sungani, mudzajambulire filimu ina. Ine mpira ndasiya. Ndikamenya, akuti lero palibe mtsikana. Ndikaphonya, akuti ndagulitsa. Munati ndi sewero chabe, amayi."

Mayiyo anasowa poponda. Anayesa kuimba nyimbo ya m'kwaya kuti mtima ukhale pansi, koma sizinathandize. M'mawa mwake anakwera basi ya ku likulu, ndipo anaima pa geti ya a Milcíades mutu uli pansi.

"Kompadre, ndabwera. Nditukwaneni."

"Akutukwanani kale okwanira. Mwana ali bwanji?"

"Wasiya mpira. Kodi filimu ija singakonzedwe?"

"Madzi akatayika saoleka, komadre. Filimu yapita. Koma mwana sanapite. Anzake sawerenga zolemba zanga, ndipo kwa ine sangamve. Ayenera kumva kuchokera pakamwa panu."

"Ndikaime pamaso pa tiana timene tija?"

"Davide anali mfumu, koma Natani atamuloza chala sanathawe. Tiyeni, ndikuperekezani."

Madzulo a tsiku lotsatira, anyamata akuphunzira pa bwalo, mayi Yuderka analowa pakati pawo. Wandy anali kunja kwa mpanda, kumene a Milcíades anachita kum'kokera.

"Ana anga," anayamba mayiyo, "wogulitsa mpira uja ndine. Ndinalemba ndine, ndinamukakamiza ndine. Iye anandichenjeza, bambo awa anandichenjeza, ine makutu gwa. Ngati mukufuna wom'kuwiza, ndi ine pano."

Mnyamata wogwira mipira kumbuyo kwa womenya, wojintcha, dzina lake Yeison, anavula chigoba cha kumaso n'kulavula pansi.

"Ndiye kuti diso lija munamuphunzitsa ndinu, mayi?"

"Ndine."

"N'chifukwa chake linali loipa chonchija." Anatembenukira kumpanda. "Iwe chimphonya! Ukudikira kuti tikufunsire? Lowa, dzuwa likupita!"

Wandy anayang'ana mayi ake nthawi yaitali, kenaka anadumpha mpanda.

Filimu ija inachotsedwa m'maholo mwezi usanathe, ndipo amene ankaomba m'manja sanaonekenso. Amene anathamangitsidwa m'khitchini ndiye anaima pambali pa mayiyo padzuwa, mpaka mwana analandira mpira woyamba kuchokera kwa anzake. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.