Mapiritsi a Mlimi wa Mpunga

Panali munthu wina, mlimi wa mpunga, dzina lake Lufeyo Kanyumbu. Ankaswera m'madzi a kudambo ofika m'mawondo. Chaka china anayamba kukodza magazi, thupi n'kumatha. Kuchipatala anamuuza kuti ndi likodzo. Anamuyeza msinkhu, n'kumupatsa mapiritsi olingana ndi thupi lake, ndipo anachira.

Kuyambira pamenepo Lufeyo anakhulupirira mapiritsi kuposa anthu amene anamupatsa. Mumtima anati, ngati ochepa aja anandichiritsa, ambiri adzanditchinjiriza. Anapeza munthu pamsika wogulitsa mapiritsi a njoka za m'mimba m'timapepala topanda dzina. Ankamwa mwezi ndi mwezi, kaya akudwala kaya ayi.

Mlangizi wa zaumoyo atamva, anamulondola kumunda.

"Bambo Kanyumbu, mankhwala opha tizilombo ali ndi muyezo wake. Akapyola, sitidziwa pamene amalekezera. Alipo akatswiri amene akufufuzabe ngati angakhudze ngakhale mbewu ya munthu, ija kholo limapatsira mwana."

Lufeyo anaseka, n'kupitiriza kupalira.

Mkazi wake, Nangondo, anatenga pakati atadikira zaka zambiri. Mkaziyo atayamba kufooka ndi kusanza, Lufeyo anati ndi njoka za m'mimba, natulutsa kapepala kake.

"Bambo, tikafunse kaye kusikelo," anatero mkaziyo.

"Ine ndimamwa nthawi zonse, ndafa kodi? Tambasulani dzanja, mayi."

Nangondo anatambasula dzanja. Anamwa.

Mwana anabadwa wamwamuna. Miyezi inapita, khosi silinalimbe. Anzake anakwawa, anaimirira, anayamba kuthamangitsa nkhuku pabwalo. Iye anali chigonere pamphasa, maso ali kudenga.

Anapita naye kuchipatala chachikulu. Kumeneko Lufeyo anafotokoza zonse, zimene anamwetsa mkazi wake ndi zimene ankamwa iye mwini. Kenako anafunsa:

"Adokotala, kodi ndine ndinamuchita zimenezi?"

Dokotala anayang'ana mwanayo, n'kuyankha:

"Ana ena amabadwa chonchi popanda mankhwala alionse. Sindinganene kuti ndi mapiritsi aja. Sindinganenenso kuti si iwo."

Akanamuuza kuti ndi iyeyo, Lufeyo akanalira n'kupepesa. Akanamuuza kuti si iye, mtima ukanakhala pansi. Koma anabwerera kumudzi ndi funso lake lomwe lija, ndipo anakalamba nalo. Nangondo sanamudzudzule ngakhale tsiku limodzi. Ankangobereka mwanayo kumsana, chaka ndi chaka, mpaka miyendo ya mwanayo inayamba kumugunda m'mawondo akamayenda. Mkaziyo atatchula za mwana wachiwiri, Lufeyo anaopa thupi lake lomwe, n'kukana. M'nyumbamo simunamvekenso kulira kwa khanda.

Inu amene mukundimvera, musanditengere molakwa. Mankhwala amene achipatala akuyezerani, imwani; apulumutsa ambiri a ife ku likodzo ndi njoka za m'mimba. Koma ozindikira akakuuzani kuti apa sitinadziwe bwino, musamve ngati akuti palibe choopsa. Imani pomwepo, mufunse. Thupi limene mukuyeserapo mankhwalalo si lanu nokha. M'menemo muli anthu ena amene sanabadwe, ndipo iwo alibe pakamwa poti akane.