Dalaivala Wopanda Kwawo

M'galaja ya Si Larbi, mwini kampani yoyendetsa alendo, kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Marrakech, dalaivala aliyense ankatsuka yekha galimoto yake. Ena ankangoipukuta kumaso ngati mwana wochedwa kusukulu, koma Samir ankaisamala ngati mkwatibwi, mipando, magalasi, mpaka timipata ta matayala. Anali bambo wamtali, wa malaya oyera ositidwa bwino, ndipo Chifalansa chake chinkatsetsereka pakamwa ngati mafuta. Ntchito yake inali yotenga alendo awiri kapena atatu, kuwakweza mapiri a Atlasi, kuwatsitsira m'zigwa za kum'mwera mpaka kukagunda mchenga wa m'chipululu, popanda liwiro, kuima paliponse pomwe diso la mlendo lakodwa.

Anzake onse ankadziwa kuti Samir si dzina lobadwa nalo. Kwawo ku Ait Zemmur, mudzi wa nyumba zadothi m'chigwa cha Dades, anali Assou, mwana wa a Hammou ndi mayi Itto. Nthawi zina, akamapukuta galasi, wina ankakuwa kuchokera pansi pa galimoto kuti, "Assou, amako akuti mbuzi zalowa m'munda!" Galaja yonse inkafa ndi phwete, koma iye sankacheuka. Kwa alendo ankanena kuti anabadwira mumzinda momwemo, kuti bambo ake ndi mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kuti chilankhulo cha kumapiri anachitola m'njira chifukwa choyendayenda.

Bodza likakhala nthawi yaitali limafuna nyumba yakeyake. Tsiku lina, akudutsa kwawo ndi alendo, anaima pakhomo pa makolo ake kuti asiye kaphukusi ka mankhwala. Mayi ake anaitanira alendowo tiyi, monga achitira aliyense wa kumeneko. Alendo atafunsa kuti anthu okoma mtimawa ndani, manyazi a khoma long'aluka ndi nkhuku za pabwalo anamugwira, ndipo anayankha kuti sakuwadziwa, ndi anthu osauka a m'njira chabe. Pobwerera, alendowo anauza Si Larbi kuti pa ulendo wonse palibe chinawakhudza mtima ngati banja lija lomwe linalandira anthu osawadziwa. Kuyambira pamenepo, Samir anaika nyumba ya makolo ake pa ulendo uliwonse, ndipo anawapempha kuti pamaso pa alendo asamamutche mwana wawo.

A Hammou anamuyang'ana nthawi yaitali. "Khomo langa silinakanepo mlendo," anatero. "Koma kuti mwana wanga ndiye akhale mlendoyo, zimenezi ndazimva lero."

Mayi Itto ndiwo anavomera, ndipo anakakamiza amuna awo kuti avomere. Anati kuli bwino kumuona mwanayo atavala nkhope yachilendo kusiyana ndi kungomva kuti galimoto yake yadutsa pamsewu waukulu. Mlongo wake wa Samir, Touda, yemwe anafika nayo patali sukulu asanabwerere kudzathandiza makolo, sanabise mkwiyo wake. Akangomva kulira kwa galimotoyo ankanyamula dengu n'kulowera kumunda.

Zinayenda choncho kwa zaka. Kenako inafika nyengo yothyola maluwa a rozi, pamene chigwa chonse chimanunkhira ngati nyumba ya ukwati, ndipo Samir anapatsidwa banja lina lachikulire la ku Belgium, bambo Wim Maes ndi akazi awo a Lieve. Anali alendo osavuta. Bambowo ankakonda kutsika n'kumayang'ana mbalame za adokowe zomwe zimamanga zisa pamwamba pa mizikiti, pamene mayiwo ankafuna kulawa chilichonse, kuyambira zipatso za kanjedza mpaka msuzi wa nyemba wa m'mawa. Ankaima pomwe afuna, n'kugona pomwe dzuwa lawapeza litapendeka. A Lieve ankamutcha Samir "mwana wathu wa pamsewu", ndipo iye ankawasimbira za laibulale ya bambo ake, yomwe kulibe.

Ali pamwamba pa phiri, foni yake inayamba kunjenjemera m'thumba. Anali Touda. Samir ankalidziwa lilime la mlongo wake, kuti likayamba silisiya munthu ali ndi khungu, choncho anaizimitsa kulira. Inanjenjemeranso madzulo, ndiponso m'mawa mwake. Mauthenga a mawu anaunjikana, iye osatsegula ngakhale umodzi. Mumtima ankati ngati ndi za denga lodontha kapena za mbuzi, zidikira, pajatu akubwera komweko.

Pofika ku Dades anapeza kuti kumtunda kunagwa mvula yamphamvu, ndipo mtsinje unali utakokolola kamlatho kolowera ku Ait Zemmur. Minibasi ya m'mudzimo inali itaima tsidya lino ngati bulu wokana katundu. Galimoto ya Samir inali yaitali miyendo. Anailowetsa m'madzi monyadira, a Lieve akuomba m'manja, n'kutulukira tsidya linalo madzi akuchucha.

Masiku onse ana ankathamangira galimotoyo, koma tsikuli m'njira munali zii. Azibambo anali atakhala m'mbali mwa khoma la mzikiti, ndipo anangoiperekeza ndi maso. Pakhomo pa makolo ake panali nsapato zambiri kuposa za anthu a m'nyumbamo. Samir anaziona zonsezi, koma pakamwa pake panali patazolowera kale njira yake.

"Tiyeni tiyese khomo ili," anauza alendowo. "Anthu a kuno sabweza munthu."

Anatsegula ndi mayi Itto. Maso awo anali atalowa m'kati ngati a munthu amene sanagone. Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana azungu awiri omwe anali kumbuyo kwake akumwetulira, ndipo anapatuka pakhomo n'kunena kuti alendo a Mulungu alowe. Amayi oyandikana nawo nyumba, omwe anali m'chipinda chochezera, anatuluka mmodzimmodzi osapereka moni.

Kuthira tiyi inali ntchito ya a Hammou, omwe ankakweza ketulo m'mwamba mpaka tiyiyo achite thovu m'tambula. Tsikuli anathira ndi mayi Itto, tiyi wina n'kutayikira pathireyi. Anaika mkate wotentha, mafuta a maolivi ndi uchi. A Lieve anawajambula chithunzi, kenako anapempha Samir kuti awafunse ngati ali ndi ana. Samir anafunsa, nkhope ikumwetulirabe.

Mayi Itto anaika ketulo pansi. "Auzeni kuti ndili nawo awiri," anatero mofatsa. "Wamkazi ali kuchipindako, akumwetsa bambo ake madzi ndi supuni. Wamwamuna ali ku Marrakech. Inu bambo dalaivala mumayenda kwambiri. Mukakakumana naye mukamuuze kuti bambo ake anagwa m'munda dzana, mbali imodzi yauma, pakamwa papotoka. Mukamuuze kuti tamuimbira mpaka foni yatha moto. Anthu amafuna kuwamangirira pabulu kuti awaolotse, koma iwo akukana ndi dzanja lomwe latsalalo, akuloza kumsewu."

Mayi ake anali asanamutchulepo kuti "inu" chibadwire chake, ngakhale m'masewera awo a pamaso pa alendo, momwe ankangopewa kumulankhula. Liwu limenelo linamulowa ngati munga wa m'chidendene. Tambula inamuotcha zala koma sanaimve.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Lieve.

Apa ndi pomwe Samir akanagwetsa katundu yense amene anasenza kwa zaka. Koma lilime lozolowera kunama limathamanga kusiya mwini wake m'mbuyo. Anangodzimva akunena m'Chifalansa kuti, "Akuti ali ndi ana awiri, ndipo onse ali bwino."

Nsalu ya pakhomo la kuchipinda inakankhidwa. Touda anaima pamenepo, supuni ili m'manja, ndipo analankhula Chifalansa cha kusukulu, chosasalala koma chomveka mbali zonse. Anabwereza mawu a mayi ake onse, osasiyapo ngakhale limodzi. Atamaliza analoza ndi supuniyo.

"Uyu ndi mchimwene wanga. Dzina lake ndi Assou. Anabadwira pakona pomwe mwakhalapo, mayi. Amene akufa m'chipindamu ndi bambo ake."

Bambo Maes anavula chipewa n'kuchiika pabondo. A Lieve anayang'ana kamera yomwe inali m'manja mwawo ngati agwira chinthu chakuba, ndipo anailowetsa m'chikwama pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali itafiira mpaka m'makutu.

"Ndawajambula akuthira tiyi," anatero motsitsa, osamuyang'ana Samir. "Amuna awo ali gone kuseri kwa nsalu iyi, ine ndikuwajambula. Mwandichititsa zimenezi ndinu."

Assou anadzuka n'kulowa kuchipinda. A Hammou anali pamphasa, atafunditsidwa bulangeti la ubweya. Munthu amene ankanyamula thumba la balere paphewa limodzi anali atachepa ngati mtolo wa nkhuni zouma. Diso limodzi linali lotseka, linalo linamupeza mwana wake n'kukhazikika pa iye. Assou anagwada, anapsompsona dzanja lozizira lija, koma mawu oti "bambo" sanawatchule, poti anali atawaika patali nthawi yaitali.

Bambo Maes anatsitsa okha zikwama m'galimoto n'kugoneka mipando ya kumbuyo. Ananena kuti iwo ndi akazi awo atsala m'mudzimo mpaka zinthu zitaoneka mutu wake, ndipo mayi wina woyandikana nawo anawatengera kwake. Azibambo a pamzikiti paja anabwera kudzanyamula wodwalayo m'bulangeti. Mkulu wina dzina lake Addi, yemwe anamuphunzitsa Assou kukwera bulu ali mwana, anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala.

"Gwirani kumiyendoko, bambo dalaivala," anatero. "Kapena muopa kudetsa malaya?"

Palibe anaseka, ndipo kusasekako kunawawa kuposa phwete la m'galaja. Assou anagwira miyendo ya bambo ake, mutu uli pansi, n'kudutsa pakati pa anthu omwe anamuona akukula, omwenso kwa zaka zonsezi ankamuona akugogoda pakhomo la mayi ake ngati munthu wosochera.

Ananyamuka ulendo wa kuchipatala cha m'tauni. Mayi Itto anakhala kumbuyo atapakata mutu wa amuna awo, Touda atagwira miyendo. Pamtsinje paja, pomwe m'mawa anaoloka ndi matama, Assou anaoloka akupemphera kuti galimoto isagwedezeke. Njira yomwe ankaidziwa ngati chikhatho chake inatalika, ndipo nthawi iliyonse akayang'ana pagalasi ankakumana ndi diso limodzi lija.

Atafika, anamwino anathamangira wodwalayo ndi machira. Assou anawatsatira mpaka pakhomo la chipinda cha odwala mwakayakaya. Namwino wina, ataona malaya oyera ndi galimoto yolembedwa dzina la kampani ya alendo, anatambasula dzanja n'kumutsekereza.

"Zikomo powathandiza anthuwa, bambo. Madalaivala amadikira panja. Muno ndi achibale okha."

Kodi Assou akanatsutsa bwanji zomwe iye mwini wakhala akulalikira? Anabwerera m'mbuyo. Pamenepo anamva dzanja lokhakhala likumugwira pamkono. Mayi Itto, ndi nsalu yawo yakumudzi ndi mapazi a matope a kumtsinje, anamukokera kutsogolo ngati mmene ankamukokera popita naye kokameta.

"Ameneyu ndi mwana wanga," anatero mokweza, mpaka anthu a pabenchi anacheuka. "Ndi Assou, woyamba kubadwa. Lowa iwe, bambo ako akukufuna."

Dokotala anawauza madzulo ake kuti moyo wa a Hammou wapulumuka, koma dzanja lamanja ndi mwendo sizidzabwereranso. Anawonjezera, osadziwa kuti akubaya ndani, kuti matenda otere amafuna kuthamangira tsiku lomwelo, ndipo akanafika msanga nkhani ikanakhala ina. Touda anayang'ana mchimwene wake. Mayi Itto anamasula kansalu, anatulutsa chidutswa cha mkate womwe anaphikira alendo uja, n'kumupatsa mwana wawo, poti anadziwa kuti sanadye chilichonse chichokereni m'mawa. Assou anaudya misozi ikugwera pamkatewo.

Banja la a Maes linamaliza ulendo wawo ndi dalaivala wina yemwe Si Larbi anatumiza. Potsanzikana, bambo Maes anamugwira chanza Assou, a Lieve anangogwedeza mutu, koma ndi mayi Itto anakumbatirana nthawi yaitali. Assou anakhala kumudzi mpaka nyengo yokolola balere itatha, akusambitsa bambo ake, kuwatembenuza, ndi kuwatulutsa padzuwa atawabereka kumsana. Anthu ankamupatsa moni, koma kwa miyezi yambiri iye sankatha kuwayang'ana m'maso. Atabwerera ku Marrakech anapempha Si Larbi kuti dzina la pa kabaji ka pamalaya ake lisinthidwe, ndipo anzake a m'galaja, ataona nkhope yake, sanafunse chifukwa.

A Hammou akadali moyo. Amakhala pakhonde atatsamira khoma, dzanja lamanja lili pamwendo ngati chinthu chobwereka. Mwana wawo akafika amagwada n'kulipsompsona, ndipo onse awiri amadziwa chomwe chinaliumitsa. Munthu angasinthe dzina, malaya ndi chilankhulo, koma tsiku lomwe makomo onse amutsekera, amene amamugwira pamkono ndi yemwe uja ankamubisa. N'chifukwa chake akuluakulu anati, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.