Lamulo la Nambala Yodzigawa Yokha

Panali mayi wina amene ankayang'anira malamulo a kompaila, pulogalamu ija imene imatenga zimene munthu walemba n'kuzisandutsa zoti kompyuta imve. Malamulowo anali ofupikitsa masamu. Ukaona nambala yaphatikizidwa ndi ziro, chotsa ziroyo. Ukaona yachulukitsidwa ndi wani, siya nambala yokhayo. Kompaila siganiza ayi. Ikangoona maonekedwe amene lamulo latchula, imadula basi. N'chifukwa chake lamulo silinkalowa mayiyo asanavomereze.

Tsiku lina mkulu wa kampani anabwera ndi lamulo lake: paliponse pamene nambala ikudzigawa yokha, lembapo wani. Anali ataliyesa kambirimbiri, ndipo mapulogalamu ankathamangadi. Antchito ena onse anali ataliombera kale m'manja.

Mayiyo anafunsa kuti, "Bwana, nanga nambalayo ikakhala ziro?"

"Zimenezo sizichitikachitika, mayi. Vomerezani, makasitomala akudikira."

"Ziro ikadzigawa yokha, pulogalamu imayenera kuima n'kunena kuti china chalakwika. Lamulo lanuli lidzaitseka pakamwa. Idzangoyankha kuti wani, mwini wake n'kumayesa zonse zili bwino."

Mkuluyo anamuuza kuti asankhe, lamulo lilowe kapena iye achoke pampando. Mayiyo ntchitoyo ankaikonda, ndipo mantha anamugwira ndithu. Koma anati, "Pa dzina langa pokha ayi," n'kunyamula chikwama chake. Lamulo linalowa pa dzina la wina.

Ndikukuonani, mukudikira ndinene kuti makina anaphulika, bwana n'kukagwada pakhomo pa mayi uja. Pepani, zimenezo sindikupatsani. Mwina ziro ija mpaka lero sinafike. Chimandipsetsa mtima n'chakuti anthu amafuna ayambe aona maliro kuti avomereze kuti mnzawo ankanena zoona. Lamulo lija linali labodza tsiku lomwe linalembedwa.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Lamulo lofupikitsa silinena kuti "kawirikawiri", limanena kuti "nthawi zonse", ndipo likalowa limakadula m'mapulogalamu a anthu amene simudzawaona n'komwe. Muzilifufuza mpaka mupeze pamene limanama. Mukapapeza kanani, ngakhale ofesi yonse ikuyang'aneni ndi diso lofiira. Mpando akhoza kukulandani, koma bodzalo asalilembe ndi dzanja lanu.