Matope Onyamula Olungama

Kalekale, nyama zisanayambe kuthawana, padali mpingo pansi pa mkuyu m'mphepete mwa dambo la Chisenjere. Senderani kuno ananu. Nanunso akuluakulu muli kumbuyoko musanamizire kuodzera, nkhaniyi ikukukhudzani.

Abusa a mpingowo adali a Khwangwala, aja a kolala yoyera. Koma amene ankamveka kwambiri sadali abusa ayi. Adali a Njiri, mkulu wa mpingo, amenenso ankasunga nkhokwe ya amasiye. Adali chinyama chonenepa, mano opindikira kumwamba, khosi losadziwa kutembenuka. Akaimirira kuti apemphere, ana ankagona, kudzuka, n'kupeza pemphero likadali pakati. Ndipo pempherolo silinkapempha kanthu. Linkangofotokozera Mulungu za a Njiri: kuti iwo sadabepo, sadanamepo, kuti tchire la pamkuyu adalambula ndi iwo, kuti pakadapanda iwo bwenzi mpingo utabalalika kale. Pomaliza ankati, "Ambuye, mukaona ine mwaona ntchito." Nyama zinkayankha Ameni, koma idali Ameni ya kutopa.

Chaka china mvula idadula. Udzu udauma, dambo lidaphwa, pamwamba pake n'kuchita nkhanambo ya dothi yong'ambikang'ambika. Njala idalowa nyumba ndi nyumba.

Mumpingomo mudali Gologolo, mayi wamasiye. Mwamuna wake adatengedwa ndi kabawi, n'kumusiyira ana ang'onoang'ono m'phanga la mtengo. Pa masika Gologolo adaponyako mtedza wake m'nkhokwe ija monga ankachitira aliyense. Tsono ana atayamba kulira, adapita kukapempha.

Adapeza a Njiri atagona chotsekereza khomo la nkhokwe, mimba ili ndendende. Gologolo adawomba m'manja, n'kufotokoza vuto lake mwaulemu. A Njiri adatsegula diso limodzi. Adamuuza kuti njala imatsata ulesi, kuti nkhokwe imatsegulidwa pa nthawi yake, ndipo kuti iwo eniakewo sadapemphepo kanthu kwa munthu chibadwire.

"Ine ndimadya thukuta langa, mayi," adatero, n'kugeya.

Kugeyako kudanunkha mtedza. Pa dzino la kumanzere padakakamira khoko.

Gologolo adapita kwa abusa. A Khwangwala adamvetsera, n'kukonza kolala, n'kunena kuti nkhani yotere ndi yofunika kuitengera ku bwalo la akulu a mpingo. Gologolo adafunsa kuti wapampando wa bwalolo ndani. Abusa adayang'ana kumbali. Wapampando adali a Njiri.

Adabwerera kwawo mayi uja, akuganiza. Adaganiza, adaganiza, mpaka adaseka yekha.

M'mawa mwake adatsikira ku dambo. Iye pokhala wopepuka ankayenda pa nkhanambo ija osaiswa, n'kumatola tinyika ting'onoting'ono, tija timamera pansi pa maluwa a m'madzi. Tinyikato sitinkakhutitsa ngakhale mwana mmodzi. Koma tsikulo adasankha kamodzi kooneka bwino, n'kukadutsa nako pamaso pa a Njiri akutafuna mokweza, khukhuru khukhuru.

A Njiri adadzutsa mutu, n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Gologolo adachita ngati wadzidzimuka, ngati wagwidwa. Adati si kanthu, ndi nyenyeswa chabe. Adati zenizenizo zili pakati pa dambo, nyika zazikulu ngati maungu, zotsekemera ngati uchi, koma palibe angazifike.

"Bwanji palibe?"

"Matope ajatu si matope wamba, bambo. Amanyamula olungama okha. Ine wochimwa ndikangopondapo amalira kuti tswa tswa, ndiye ndimangotola za m'mbali n'kuthawa."

Adaonjeza kuti a Njati, ndi mphamvu zawo zonse zija, adangonunkhiza n'kubwerera. Adati ngakhale abusa amadutsa chouluka, sayerekeza kuterapo. Kenako adausa moyo, n'kunena kuti mwina m'dziko muno mulibe wolungama wotero.

A Njiri adaimirira. Zinthu ziwiri zidawakoka nthawi imodzi, mimba ndi dzina, ndipo zonse zinkakokera kumodzi. Adauza Gologolo kuti aime pamtunda aonerere, kuti Lamulungu akachitire umboni pamaso pa mpingo.

M'mbali dothi lidali louma gwa. A Njiri adaponda, gu gu gu. Adatembenuka thupi lonse, n'kufunsa ngati mayiyo akuona. Gologolo adati akuona, sadaonepo zotere. Adapitirira, chifuwa patsogolo, gu gu gu. Kenako pansi padati tswa. Kenako padati tswa tswa. A Njiri adati m'mtima mwawo matopewo akuwalonjera. Adaponyanso mwendo, ndipo nkhanambo ya pamenepo idati phwa, chinyama chija n'kutitimira mpaka m'mimba.

Gologolo sadadikire. Adathamangira kwa abusa, n'kuwauza kuti msungi wa nkhokwe watanganidwa ndipo sabwera msanga. A Khwangwala adaulukira m'mwamba, adaona okha mmene zinthu zidalili, ndipo kulimba mtima kudawabwerera pompo. Adaitana amasiye onse, nkhokwe n'kutsegulidwa. Pamwamba padali makoko okhaokha. Pansi ndi pamene padatsalako mapira, masau ouma ndi mtedza pang'ono. Adagawana zomwezo, ndipo ana a Gologolo adadya, n'kuyamba kuthamangitsana m'nthambi.

Ku dambo a Njiri adali pa ntchito. Ankapalasa, ankapalasa, ndipo akapalasa ankatsika. Mbawala adadutsa pamtunda n'kufunsa ngati kuli bwino. A Njiri adati akusamba. Nungu adadutsa n'kufunsa ngati aitane anthu. A Njiri adati ayi, ali pa mapemphero apadera, asasokonezedwe. Dzuwa lidakwera, lidawotcha msana. Matope adafika m'chifuwa. Pa mtengo wouma padatera miimba iwiri. Wamkulu wa miimbayo adapereka moni mwaulemu kwambiri, n'kuwauza a Njiri kuti asadzivute, iwo alibe changu.

Dzuwa litapendeka, Gologolo adabwerera ku dambo kuti akaseke pang'ono. Atafika, kuseka kudamuthera. Padangotsala mutu ndi kamsana. Maso a a Njiri adali atafiira, ntchentche zili ng'waa. Iye ankafuna kuti bamboyo achedwe, osati afe. Adathamanga liwiro lomwe sadathamangepo.

Pamkuyu adapeza nyama zikupuma, zitakhuta koyamba m'masiku ambiri. Adaziuza zonse: kuti za matope onyamula olungama adapeka yekha, kuti nyika zonga maungu kulibe, ndipo kuti a Njiri akumira. Nungu adati wodya za amasiye matope amudziwa okha. Mbawala adati munthu akamasamba sasokonezedwa. A Njati, amene a Njiri adawanenapo pagulu kuti ali ndi nyanga zazikulu koma chikhulupiriro chochepa, adangopitiriza kubzikula.

"Iwo adaba, ine ndanama," adatero Gologolo. "Tikayamba kulozana zala, dambo lija lichepa, sitikwanamo tonse."

Abusa adatsokomola. Ulaliki wawo nthawi zambiri unkazungulira ngati njira ya mbuzi, koma tsikulo adalunjika. Adati tikanena kuti tizivuula oyenera okha, chingwe chidzaolera pamtengo. Adati iwonso adaona khoko pa dzino lija kalekale, koma adakonza kolala n'kukhala chete. A Njati adasiya kubzikula, adapumira m'mwamba, n'kudzuka. Atadzuka a Njati, onse adadzuka.

Adasenda luzi, adapota chingwe chachitali. Gologolo adaluma nsonga yake n'kuyenda nayo pa nkhanambo mpaka pamphuno pa a Njiri. Kumtunda a Njati adakulunga nsonga inayo ku nyanga, kumbuyo kwawo Mbawala, kenako Nungu, kenako tinyama tonse mpaka Kamba, amene adagwira kumapeto kwenikweni ngakhale mphamvu yake palibe adaimva.

Gologolo adauza a Njiri kuti alume chingwe. A Njiri adayamba apempha kuti mpingo udziwitsidwe kuti iwo sakuvuulidwa, akungoperekezedwa. Gologolo adati uthengawo aupereka, ndipo a Njiri adavomera. Adaluma. Abusa adatsogolera nyimbo, nyama n'kukoka, kukoka, kukoka. Mapewa adatuluka. A Njiri atamva kuti akukwera, adafuna kuti onse adziwe kuti miyendo yawo ndi imene ikugwira ntchito yaikulu pansipo. Adatsegula pakamwa.

"Mukuona mmene ndiku..."

Chingwe pululu. Kumtunda nyama zonse zidagwa chagada, Kamba n'kugudubuzika mpaka m'tchire. A Njiri adabwerera pamene adali, n'kupitirirako pang'ono.

Gologolo adabweretsanso chingwe. A Njiri adalumanso. Nyama zidakokanso, kukoka, kukoka. Mapewa adatulukanso. Koma luzi lidawakanda a Njiri m'kamwa, ndipo adaona kuti n'koyenera kulangiza achinyamata kapotedwe ka chingwe, poti iwo pa unyamata wawo ankapota chosalala. Adatsegula pakamwa. Chingwe pululu. Ulendo uno matope adafika pachibwano. Muimba wamkulu uja adatsika nthambi imodzi.

Gologolo atafika kachitatu, adapeza a Njiri ali chete. Misozi inkatsika, n'kulemba tinjira pa matope a m'masaya. Adalankhula motsitsa, mawu amene mpingo sudawamvepo.

"Mayi, ndilibe chokulipirani. Mtedza uja ndidadya ndine."

"Tikudziwa, bambo, makoko tawaona. Nanenso ndidakunamizani, matopewa sasankha munthu. Chingwechi n'chaulere. Lumani, musalankhule, musapalase. Ingogonani, akoke ndi ena."

Ana inu, kwa a Njiri imeneyo idali ntchito yolemera kuposa kulambula tchire lonse la pamkuyu. Mawu ankabwera mpaka pakhosi, iwo n'kuwameza. Miyendo inkafuna kupalasa, iwo n'kuiletsa. Adatsinzina, adaluma, adadzisiya. Nyama zidakoka, kukoka, kukoka, ndipo matope adati fwoo, n'kuwalavula. Adakhwekhwerezeka chamimba ngati thumba la chinangwa mpaka pamtunda, ali bii, wosazindikirika kuti kutsogolo ndi kuti. Miimba idadandaula kuti masiku ano anthu alibe mawu amodzi, n'kuuluka.

Mayi wina wamasiye adatapa mapira pa gawo lake lomwe lija n'kuwaikira a Njiri patsogolo. A Njiri adayesa kuimirira kuti adye monga mkulu, koma miyendo yakutsogolo idakana, idapindika yokha. Adagwada. Ali chogwada choncho adayang'ana mapirawo, adayang'ana mayiyo, n'kunena kuti apemphere kaye. Ana adayamba kufuna pogona. Koma pemphero lidangoti, "Ambuye, zikomo. Changa panalibe." Lidathera pomwepo. Ameni imene idatuluka tsikulo idagwetsa nkhuyu mumtengo.

Tsono nyama zidatembenukira kwa Gologolo. Zidamutama kuti ndi mayi wanzeru, wadyetsa amasiye, wapulumutsa mkulu wa mpingo, zonsezo tsiku limodzi. Mawuwo adamukomera. Adati si kanthu, koma adafuna kuwamvanso. Adalumphira pa nkhanambo kuti aonetse mmene adayendera ndi chingwe. Adafotokoza kuti pamafunika mutu, pamafunika mapazi odziwa kuponda, ndipo kunena zoona mumpingo monse palibe wina akadatha. Ankalankhula akuyenda chobwerera m'mbuyo kuti onse amuone nkhope. Adayenda, adayenda, mpaka pa dzenje lomwe lija adatulukamo a Njiri.

Thibu.

Padangotsala timakutu ndi kamphuno. A Njiri adasiya mapira, adatola chingwe, n'kuchiponya bwinobwino mpaka pamaso pake. Gologolo adalavula matope, n'kuyamba kufotokoza kuti iye sadagwe, walowa dala kuti ana aphunzirepo kanthu.

"Mayi," adatero a Njiri mofatsa, "lumani chingwe."

Adaluma. Adamukoka ndi Kamba yekha, ndipo Kamba adasimba nkhaniyo zaka zambiri.

A Njiri adatula udindo wosunga nkhokwe popanda wowauza. Mpaka mvula idagwa, ankakumba mizu ndi mano awo aja n'kumasiya pakhomo pa amasiye. Nthawi zina ankaiwala, n'kuyamba kuuza odutsa kuchuluka kwa mizu imene akumba. Akatero Gologolo ankangotsokomola ali m'nthambi, iwo n'kutseka pakamwa. Naye Gologolo akayamba kusimba za nzeru zake, a Njiri ankatsokomola. Akuti chaka chimenecho anthu ankayesa kuti mumpingomo mwalowa chifuwa.

N'chifukwa chake mpaka lero mukaona njiri ikudya, imadya chogwada. Koma muiyang'anenso ikamathamanga, mchira uli njo m'mwamba ngati mbendera. Kudzikuza sikufa tsiku limodzi, kumafuna kukokedwa m'matope m'mawa uliwonse.

Nthano yanga yatuluka m'dambo, yakhala pamtunda, yathera pompa. Kaphuleni mbatata zisanapserere. Ndipo inu akumbuyoko amene mwakhala mukugwedeza mutu n'kumaganiza za mnansi wanu, dziwani kuti pakamwa potsegula sipagwira chingwe.