Kazenera ka Chimimba

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu omwe, pa nyumba ina ya alendo panali bokosi lagalasi lodzaza madzi amchere. M'menemo munkakhala Nkhono ndi chinsomba china, dzina lake Chimimba. Wowasamalira anali Nagama. Nkhono akagwa chagada, mayiyu ankapisa dzanja m'madzimo n'kumutembenuza ndi chala, mwakachetechete.

Tsono Chimimba anali wadyera. Nagama akawaza chakudya, iye kukamwa yasaa. Mlendo akaponya kanyenyeswa, yasaa. Chotsala ankakabisa kuphanga kwake. Chakudya chija chidawola, madzi adaipa, ndere zidamera. Pamiyala ndere, pamchenga ndere, galasi lonse biriwiri.

Tsiku lina bwana wa nyumbayo adagogoda galasi. "Ntchito ya nkhonoyi si kudya ndere? Likafika Lolemba galasi lili chonchi, mukaitaye kudzala."

"Ndamva, bwana," adatero Nagama, maso ali pansi.

Nkhono adamva zonsezi. Adapala ndere, kwee, kwee, mpaka lilime kutupa. Akacheuka, pomwe wadutsa pameranso.

"Achimwene," adadandaulira Chimimba, "zomwe mwabisazi ndizo zikumeretsa ndere. Ine ndikukatayidwatu."

"Ukatayidwa iwe, ine chindiwawe n'chiyani? Nyambita galasi uko."

Loweruka lidapita, ndere zili chimerere. Lamulungu Nkhono adabweranso kwa Chimimba.

"Achimwene, mwawonda. Alendo aleka kukuponyerani, paja sakukuonani. Galasi lonse sindingalithe, koma kazenera kamodzi ndingakupalireni. Ndipale pati?"

"Pakhomo panga penipeni. Zakudya zizigwera pomwepo, wina asalaweko."

"Osati uko, poyera?"

"Ndati pakhomo panga. Wagontha?"

Nkhono adapala, kwee, kwee, kazenera mbee.

Lolemba Nagama adafika ndi kaukonde. Nkhono adalowa m'chigoba, zii. Mayi uja adawerama, nasuzumira pakazenera. Apo Chimimba ali yasaa, kumbuyo kwake mulu wa zowola.

"Ooh," adatero Nagama pang'onopang'ono. "Kani ndi inu, bambo."

Kaukonde kadapitirira Nkhono, vuu, Chimimba m'ndowa. Nagama adachotsa zowola, nathira madzi atsopano. Ndere zidayamba kufota, Nkhono adatsala pagalasi pake. Chimimba adasamutsidwira m'kabokosi kayekha, komwe amadya kamodzi patsiku, kachakudya kongotsina ndi zala.

Nthano yathera pompa, kaphuleni chinangwa chisanapserere. Koma wofuna kuti anthu azimuona, ayambe wasesa kuchipinda.