Pamene a Kalawe Anasiya Kulawa

M'khitchini ya lesitilanti ina, mphika sunkachoka pamoto usanalonjeredwe ndi supuni ya a Kalawe. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa mkulu wa ophika ameneyu akafunsidwa ngati chakudya chapsa, yankho linali limodzi: "Kalaweni kaye." Supuni yawo inkakhala m'thumba la pachifuwa ngati cholembera cha mphunzitsi.

Koma chaka china mimba inawaukira. Akangomeza kanthu, ululu unkawagwira pansi pa chifuwa ngati wina akuwakanikiza ndi chibakera. Anayamba kuopa chakudya, thupi n'kumatha, lamba n'kumaonjezeredwa mabowo. Kuchipatala anawajambula, ndipo dokotala, mayi wanthabwala zake, anawaonetsa chithunzi.

"Bambo, apa pali kamnofu kolimba ngati chingwe. Kakupsinja mtsempha wopititsa magazi kumimba. Tikakadula, magazi apeza njira. Sitikung'ambani ayi, timangoboola timabowo, n'kulowetsa kamera ndi tizipangizo. Mukaganiza bwino, mubwere tigwirizane tsiku."

A Kalawe, amene anatumbulapo nkhuku ndi nsomba zosawerengeka, anadziona okha atagonekedwa pathabwa. Anatuluka osacheuka.

Kuyambira pamenepo anasanduka munthu wongotuma. Kulawa anasiyira mayi wotsuka mbale, amene lilime lake linali pachibale ndi mchere. Kuchipatala anatuma akazi awo kuti akafunse ngati kulibe mapiritsi. Atabwerako chimanjamanja, anatumanso alamu awo.

"Alamu, mwandichititsa manyazi," anatero alamuwo pobwera, akupukuta misozi ya phwete. "Dokotala wandifunsa kuti, 'Kodi mimba imeneyi ili ndi nthumwi zingati? Kapena mwabwera nayo m'chikwama?'"

Kuntchito nako mbale zinayamba kubwerera kukhitchini zili zodzaza. Mwini lesitilanti anawaitanira pambali. "A Kalawe, makasitomala akuti tikuwaphikira misozi. Ndimakulemekezani, koma supuni imeneyo ikapitiriza kugona m'thumba, ndiipezera dzanja lina."

Kunyumba anapeza akazi awo akubweza thalauza lawo m'chiuno ndi singano.

"Bambo a mwana, ndapita ine, apita achimwene. Mawa mutuma ndani, mphaka?"

"Inu mpeni simuudziwa."

"Mpeni ndimaudziwa. Amene sindikumudziwa ndi mwamuna wanga. Ndinakwatiwa ndi munthu wodzaza pakhomo, lero ndikusokera ndodo."

A Kalawe anatulutsa supuni ija, naiyang'ana nthawi yaitali. M'mawa mwake anavala thalauza lobwezedwalo, nakagogoda okha pachitseko cha dokotala.

"Eee, mwini mimba wafika!" anafuula dokotala. "Lowani, bambo, takhala tikulandira moni wanu."

Atatsitsimuka pambuyo pa opaleshoni, anapapasa pamimba kufuna chilonda chachikulu, koma anangopeza timapulasitala tochepa.

"Anesi, kodi anzanu aja aiwala kundichita opaleshoni?"

"Zatha kalekale, bambo. Mumafuna tikusokeni ngati thumba?"

Nthawi yoti ayambe kudya itakwana, anawabweretsera msuzi wopepuka. Akazi awo anawapatsa supuni yawo yomwe ija. A Kalawe anatunga, nameza, nadikira chibakera chija. Zii. Anatunganso, nakwinya nkhope.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa mayiwo, mtima uli m'mwamba.

"Wophika wa kuno ndani? Mchere wachepa, ndipo anyezi anamufulumiza."

"Achira!" anakuwa mayiwo, akuomba m'manja. "Anesi, bwerani, mwamuna wanga wabwerera!"

Mphamvu zitabwerera anayambanso ntchito. Mayi wotsuka mbale anatsitsidwa paudindo mwaulemu, mbale zinayamba kubwerera zoyera ngati zanyambitidwa, ndipo lamba anayamba ulendo wobwerera ku mabowo ake akale. Mwini lesitilanti sanatchulenso za dzanja lina.

Abale angakuperekeze, angakusekere, angakulirire, koma vuto lako sangalinyamule m'chikwama kupita nalo kwa wolithetsa. Akuluakulu sananame: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.